Chikwakwa si Sukulu

Munthu akaba mbuzi kapena batire la sola, majisitireti amatha kumupatsa chilango choti akasewezere kunja m'malo mopita ku ndende. Dongosolo lomwe akhothi amalitcha community service linayamba m'chaka cha 2000, ndipo ganizo lake ndi labwino: wa mlandu waung'ono asakaunjikane ndi zigawenga ku Maula. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khothi lalikulu linanenetsa kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu n'kuphwanya malamulo a dziko. Mpaka apa palibe chotsutsa.

Koma taonani zomwe timachita naye munthuyo. Timamupatsa chikwakwa. Atchetche pa khothi, asese pa chipatala, akolope ku polisi, wina asayine pepala kuti maola akwana, basi. Analowa wopanda luso, watuluka wopanda luso, koma tsopano ali ndi dzina latsopano kumudzi: "wakuba uja". Ndiye timadabwa akagwidwanso? Zoona?

Chomwe chimandipweteka n'choti kuno ku Salima zipangizo zilipo. Salima Technical College ilipo. TEVETA imatolera 1 peresenti ya malipiro kwa olemba ntchito kuti iphunzitse anthu ntchito zamanja, ndipo ili ndi maphunziro a anthu opanda MSCE. Chimaletsa n'chiyani kuti theka la maola a chilango aja munthu akawathere pa shedi ya mmisiri, akuphunzira kuwotcherera kapena kupala matabwa, pamapeto pake n'kulembetsa mayeso a luso? Mmisiriyo n'kumamupatsa kangachepe kuchokera ku thumba lomwelo. Izi sizikufuna nyumba yatsopano ngakhale wokishopu ya ku hotela ya ku Senga Bay, komwe mabwana amakambirana za umphawi nyanja ikuwapepesa kamphepo.

Ndipo ntchito yake isakhale ya m'buku. Nyanjayi ili ndi zosowa zake. Injini za maboti zimafa tsiku ndi tsiku, ndipo wodziwa kuzikonza sagona ndi njala. Mabwato amafuna okhoma, usipa umafuna odziwa kuumitsa bwino kuti usaole nthawi ya mvula, njinga zamoto za kabaza zadzaza pa Kamuzu Road ndipo zonsezo zimafuna makaniko. Ganizirani mlovi amene amadalira khoka la bwana wake. Novembala ndi Disembala nyanja ikatsekedwa kwa makoka, iye adye chiyani? Mnyamata wotereyu kumutchetchetsa udzu miyezi itatu n'kumubwezera ku doko lomwelo, chimenecho si chilango kapena thandizo, n'kungozengereza tsiku lomwe adzalowe ku ndende yeniyeni.

Ndikudziwa zomwe ena mukulemba kale m'mitima: ife tili ndi madigiri tikungoyenda ndi maenvelopu, ndiye akuba akhale oyamba? Mkwiyo umenewo ndimaumva, ndi wa m'badwo wathu wonse. Koma aise, wowotcherera mageti sakulanda ntchito yako ya ku Capital Hill. Komanso mkaidi amadya msonkho wako tsiku lililonse, pomwe mmisiri amadzidyetsa yekha. Ndipo foni yomwe idzatsomphoredwe pa depoti ndi yako, si ya nduna.

A Prison Fellowship anaonetsa kale ku Balaka kuti zimatheka: nyumba yawo imalandira akaidi otsala pang'ono kutuluka n'kuwaphunzitsa ntchito zamanja. Koma bwanji tidikire munthu alowe kaye ku ndende kuti aone chopalira matabwa? Amene ali kunja ndiye wosavuta kumuthandiza, poti amagona kwawo ndipo amadya zake.

Khonsolo ya Salima ili ndi mphamvu imodzi yomwe siiwononga ndalama. Popereka kontirakiti yomanga mdadada wa sukulu kapena kukonza msika, ilembe kuti kontirakitala atenge anthu awiri kapena atatu omwe amaliza chilango chawo bwinobwino, ndipo a ofesi ya zachisamaliro cha anthu apereke mayinawo. Makhansala athu, nkhani imeneyi idzalowa liti pa msonkhano wanu?