ZA M'BANJA MWATHU: KANDEKE KA PA CHINGWE

Aliyense woyenda m'makomboni a Livingstone, kaya ku Maramba, ku Dambwa, ku Libuyu kapena ku Linda, amadziwa kuti ana athu ali ndi luso m'manja. Apatseni waya wakale, zitsekerero za mabotolo ndi mphira wa thayala, dzuwa lisanapendeke adzakuonetsani galimoto ya chiwongolero chake, mwinanso ndeke yofanana ndi zija zimatera pa bwalo lathu. Komatu ndeke ya waya imayenda pansi mokankhidwa ndi ndodo, siuluka. Mwana uja akafika zaka 13 kapena 14 amaitaya nati nzachibwana, ndipo luso lija limazilala chifukwa chosowa wolikuza. Manja amene akanakhala a mmisiri amatsala pa foni usana wonse, ena amakathera ku mowa. Nchifukwa chake mwezi uno tikufuna kucheza nanu, makolo anzathu, za kandeke kopanga ndi manja kamene kamauluka ndithu kali komangidwa ku zingwe ziwiri, kamene Angerezi amakatcha control line.

Mzinda wathu unadziwana ndi ndeke kalekale. M'mwezi wa Malichi 1920, Livingstone akali likulu la Northern Rhodesia, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand a ku South Africa anatera muno ndi ndeke yotchedwa Silver Queen II, ali paulendo wochokera ku England kunka ku Cape Town. Ndekeyo inakaphwanyika ku Bulawayo ponyamuka, koma iwo anapulumuka namaliza ulendo wawo ndi ndeke ina. Mwezi womwewo, ku Roma, Papa Benedict XV analengeza kuti Amayi Maria a ku Loreto ndiwo nkhoswe ya onse oyenda mumlengalenga. Kuyambira 1948 mpaka 1950 ndeke zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinkatera pa Zambezi, kumtunda kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Ndipo pa 2 Meyi 1952, ndeke ya Comet itanyamuka ku London ndi anthu 36 paulendo woyamba pa dziko lonse wa ndeke ya jeti yonyamula anthu olipira, inaima ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone isanafike ku Johannesburg. Bwalo limene inaterapo ndi lomweli lotchedwa tsopano Harry Mwaanga Nkumbula. Mwana wa muno akamalota zouluka, ndiye kuti akulota za kwawo.

KANAYAMBA BWANJI?

M'zaka za m'ma 1930 anthu ankapanga kale tindeke ta injini, koma akatiponya m'mwamba tinkapita kumene mphepo yafuna, ndipo tambiri tinkasochera. Mu 1937 Oba St. Clair, wa ku Oregon m'dziko la America, anaulutsa kandeke komangidwa ku zingwe kamene ankakawongolera ataima pansi. Mu 1940 Jim Walker wa ku Portland anayamba kugulitsa kandeke ka zingwe ziwiri kotchedwa Fireball, ndipo ndiye anawanditsa masewerawa. Walker analembetsa nzeruyi kuboma kuti ndi yake, koma mu 1955 khoti linagamula kuti St. Clair ndiye anatsogola. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, masewerawa anafalikira ku Britain, ku Ulaya konse ndi ku South Africa. Mpaka lero bungwe la FAI, loyang'anira masewera a mumlengalenga, limachititsa mipikisano ya liwiro, ya kuvina m'mwamba, ya kuthamangitsana m'magulu ndi ya kudulirana timaliboni tomangidwa kumchira.

Kayendedwe kake nkosavuta kumva. Woulutsa amaima pakati pa bwalo atagwira chogwirira chimene zingwe ziwiri zachokerapo. Zingwezo zimalowera kunsonga ya phiko lamanzere nkukamangidwa ku kachitsulo ka ngodya zitatu kotchedwa bellcrank, kamene kamazungulira pa bawuti pakati pa ndeke. Kuchokera pa kachitsuloko, waya wolimba amapita kumchira kukakankha chipsepse chimene chimakwera ndi kutsika. Mukapendeketsa dzanja chakumwamba, chingwe chimodzi chimakoka, chipsepse chimadzuka, ndeke nkukwera. Mukapendeketsa chakumunsi, imatsika. Ndeke imazungulira munthu chakumanzere, iye akutembenuka nayo, ndipo zazikulu zimatha ulendo umodzi m'masekondi asanu kapena kuposerapo pang'ono. Zingwe za tindeke tating'ono zimatalika mamita 10 kapena 11, za zazikulu mamita 18 kapena 20. Wailesi yowongolera safunika konse, ndipo nchifukwa chake mtengo wake ndi wopepukirapo.

PULANI NDIYE MAZIKO

Chimene chimasiyanitsa ndeke ya waya ndi ndeke youluka ndi muyeso. Ya waya mwana amapanga ndi diso lokha, koma youluka imafuna pulani, ndiye kuti chojambula cha papepala choonetsa chiwalo chilichonse mu ukulu wake weniweni. Mapulani abwino kwa oyamba ndi akale aja a m'ma 1940 ndi 1950, chifukwa anajambulidwira anyamata amene analibe makina, okhala ndi lezala, mapini ndi guluu basi. Ku Britain kampani ya Keil Kraft inatulutsa Phantom, yojambulidwa ndi Bill Dean, ya mapiko otambalala masentimita 53, ndi mng'ono wake Phantom Mite. Ku America kampani ya Sterling inatulutsa Ringmaster ya Matt Kania, ya mapiko opitirira mita pang'ono, imene mpaka lero okonda masewerawa m'mayiko ambiri amaiulutsa pamodzi mwezi wa Okutobala. George Aldrich anajambula Nobler, mfumu ya kuvina m'mwamba, ndiponso Peacemaker, imene inasindikizidwa mu 1958 m'magazini ya Aeromodeller. Nobler ndi ya akatswiri. Woyamba asankhe kandeke ka thupi lathyathyathya, lodulidwa pa thabwa limodzi, chifukwa kakagwa kamakonzeka msanga.

Kale munthu ankalembera kalata ku England nadikira miyezi kuti pulani ifike. Lero mapulani akalewa alipo zikwi zambiri pa intaneti mwaulere, makamaka m'nkhokwe yotchedwa Outerzone, ndipo wachinyamata aliyense wa m'parishi wodziwa kompyuta angathe kukupezerani. Posindikiza chenjerani ndi chinthu chimodzi: makina amakonda kuchepetsa chojambula kuti chikwane papepala. Uzani wosindikiza kuti asasinthe ukulu wake, alumikize mapepala angapo ngati nkofunika, ndipo inu muyese phiko ndi rula musanadule kanthu. Mapulani ambiri akale ali m'mainchesi, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Amene ali ndi kachojambula kakang'ono kokha angachite monga ankachitira akale: kulemba timabokosi pa kachojambulako, kulemba mabokosi aakulu papepala lina, nkusamutsa mizere bokosi ndi bokosi. Mwana amene wachita zimenezi kamodzi sadzaopanso masamu a tizigawo kusukulu.

ZIPANGIZO NDI KAPANGIDWE

Mapulaniwa amatchula mtengo wa balsa, wopepuka zedi, umene wambiri umachokera ku Ecuador. Kwathu kuno ndi wosowa. Amaupeza m'masitolo a masewerawa ku South Africa. Koma tisagwe mphwayi. Phiko la kandeke kophunzirira lingadulidwe pa pulasitiki ya timabowo ija amalembapo zikwangwani, kapena pa thovu louma lotetezera katundu m'makatoni, litalimbitsidwa ndi kansungwi kosalazidwa bwino. Thupi lingakhale la pulayiwudi wopyapyala kapena thabwa lopepuka la paini, lotsala kwa akalipentala. Bellcrank angadulidwe pa chidutswa cha aluminiyamu, ndipo sipoko wa njinga amakhala waya wabwino wa kumchira. Zingwe za ndeke zazikulu zimakhala za waya wachitsulo wopyapyala, koma tating'ono timauluka bwino ndi ulusi wolukidwa wa mbedza, uja alendo amawedzera nsomba zaukali za m'Zambezi. Ulusi wamba wa nayiloni musagwiritse ntchito, chifukwa umatamuka ndipo ndeke siimva dzanja.

Yalani pulani pa thabwa losalala, muiphimbe ndi pulasitiki kuti guluu asaimate, ndipo mumange chiwalo chilichonse pamwamba pa chithunzi chake. Phiko likhale lowongoka, losapotoka. Pali zinthu zitatu zimene opanga koyamba amanyozera. Choyamba, ndeke itatha, muinyamule ndi zala ziwiri pansi pa mapiko pamalo amene pulani yaonetsa, kawirikawiri gawo limodzi mwa magawo anayi kuchokera kutsogolo kwa phiko. Ikapendekera kumchira, onjezerani kolemera kumphuno, popeza ndeke yolemera kumchira siwongoleka. Chachiwiri, ikani kolemera pang'ono, monga kandalama kachitsulo, kunsonga ya phiko lakunja kuti kalingane ndi kulemera kwa zingwe. Chachitatu, chipsepse choimirira chikhotere pang'ono kunja kwa bwalo, kuti ndeke izikoka zingwe nthawi zonse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Wofulumira kupaka utoto asanayese zitatuzi adzatola zidutswa tsiku loyamba.

Nanga injini? Akale ankagwiritsa ntchito tiinjini monga Cox .049, ka ukulu wosakwana 1 cc, ndi ta dizilo ta Mills ndi PAW ta ku England. Mafuta ake amasakanizamo mafuta a nsatsi, chomera chija chimamera chokha m'mabwinja mwathu. Masiku ano ambiri amaika mota ya magetsi ndi batire, ndipo phokoso limachepa. Komabe banja lopanda ndalama za injini lisadandaule. Kandeke kopepuka kangauluke kopanda injini: mumamanga zingwe kunsonga ya nsungwi yaitali nkumakazunguza ndi mphamvu ya mkono. Akale ankaphunzira motero, ndipo muyeso, kulingana kwa mapiko ndi kumva dzanja zimaphunziridwa chimodzimodzi.

CHENJEZO

Apa tikupempha kuti mumve bwino, pakuti ndi nkhani ya moyo. Musaulutse kandeke pafupi ndi mawaya a magetsi. Zingwe zachitsulo zikangoyandikira mawaya amphamvu, wogwira chogwirira angafe pomwepo, ndipo m'mayiko ena anthu afa motero. Musaulutse kukuchita mabingu. Khalani kutali ndi bwalo la ndeke ndi malo onyamukira mahelikopita a alendo. Oonerera aime kunja kwa bwalo, ndipo musanayambe kokani zingwe mwamphamvu kuti muone ngati mfundo zagwira. Pulopela yozungulira imadula chala ngati mpeni. Mafuta a tiinjini tambiri ali ndi methanol, amene ndi poizoni wochititsa khungu ndi kupha munthu akamwa, ndipo moto wake suoneka bwino masana; akhale m'manja mwa wamkulu yekha. Nyengo yabwino ndi m'mawa m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi, mphepo ya Ogasiti isanayambe. Wothandiza aponye kandeke pamene mphepo ikuomba kumsana kwa woulutsa, kuti zingwe zikungike kuyambira pachiyambi.

KWA IFE MAKOLO

Masewerawa sachitika ndi munthu mmodzi: wina agwire chogwirira, wina aponye ndeke, ndipo woyamba kuphunzira amafuna wamkulu woima kumbuyo kwake, dzanja pa dzanja, kufikira chizungulire chitatha. Apa ndi pamene takondera kandekeka. Abambo ambiri timadyetsa ana ndi kuwalipirira sukulu, koma timatha mwezi osakhala nawo pansi ngakhale ola limodzi kuchita kanthu pamodzi. Ambuye Yesu anatha zaka zambiri ku Nazareti pambali pa Yosefe Woyera, akuphunzira kuyesa, kudula ndi kupala matabwa, ndipo Mpingo sunaone zaka zimenezo ngati zotayika. Pa thebulo lomangira ndeke mwana amalankhula zimene sakanalankhula pa mphasa ya mlandu. Atsikana nawonso asatsalire, chifukwa rula sasankha dzanja.

Onse oulutsa amadziwa kuti kandeke kamamva dzanja pokhapokha zingwe zili zokungika. Zikalendewera, ngakhale mupinde dzanja motani kandeke sikamva, ndipo kamagwera mkati. Amadziwanso kuti wogwira chogwirira mwaukali, womangogwedeza dzanja mwamantha, amakagwetsa iye mwini. Kulera mwana nkotero: chingwe cha pakati pa inu ndi iye chisaduke ndipo chisalendewere, koma dzanja likhale lofatsa, ndipo akamakula muzitalikitsa chingwecho. M'mera mpoyamba.

Tikudziwa kuti banja limodzi lingalephere kupeza zonse zofunika, koma mutu umodzi susenza denga. M'parishi iliyonse muli akalipentala, amakanika, aphunzitsi ndi opuma pantchito ya njanji amene luso lawo langokhala. Mphakati umodzi ungasonkhe ndalama yosindikizira pulani imodzi, ndipo pulaniyo ingapange ndeke khumi. Kambiranani ndi abambo mfumu ndi atsogoleri a achinyamata za bwalo lopanda mawaya a magetsi loti muzikumanapo Loweruka. Yambani ndi kandeke kopanda injini, mukalephera mukonze, muyesenso. Pa 10 Disembala, tsiku la Amayi Maria a ku Loreto, tikumbukire m'mapemphero onse ogwira ntchito za ndeke pa bwalo lathu, pamodzi ndi ana athu amene akufuna kudzawatsata. Amene mudzayese, tilembereni kalata mutiuze m'mene kaulukira. Ambuye adalitse mabanja anu ndi ntchito za manja anu.