Tenda ya CDF: Cizungu cokhota cimadya phindu

Mu 2021 ndalama za CDF zinali K1.6 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse. Mu 2022 zinalumpha kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 zinafika pa K36.1 miliyoni. Ndiye cifukwa cake mukakwela basi ya ku Chongwe masiku ano, nkhani za mpila zacepa. Aliyense manje ni kontilakita. Kalipentala afuna kupanga madesiki a sukulu, woumba mabuloko afuna kumanga kalasi, amayi a kilabu afuna kusoka mayunifomu. M'dziko la amfumu a Nkomeshya Mukamambo II, ndalama zimene kale zinali kuthela mu Lusaka zafika pakhomo.

Koma khomo lake ni pepala, ndipo pepalalo ni la Cizungu. Apa ni pamene ambili tigwela.

Ine sindikamba za Cizungu codzionetsela nao. A komiti ya ku kanselo sapeleka mamakisi monga aphunzitsi a Giledi 12. Nchito yao, malinga ndi lamulo la zogulagula za boma la 2020 limene a ZPPA ayang'anila, ni kuona ngati zimene mwalemba ziyankha zimene anafunsa. Inu simukhalapo pamene awelenga. Simungaimilile n'kunena kuti, "Iyayi bwana, n'nali kutanthauza cakuti." Pepala likamba lokha.

Onani kusiyana kwa "we have supplied" ndi "we will supply". Loyamba litanthauza kuti munaigwilapo kale nchito imeneyi, laciwili ni lonjezo cabe. Ngati afunsa za nchito zimene munacitapo, inu n'kulemba laciwili, mwadzicotsela mwekha zaka zanu zonse za thukuta. Mau akuti "shall" mu pepala la tenda ni lamulo, pamene "may" akupatsani ufulu wosankha. Wosokoneza awiliwa amasiya cikalata cofunika kunyumba, poganiza kuti n'cosakakamiza.

Pa ndalama ndiye poopsa kwambili. Tinene kuti kampani yanu imalipilitsa VAT, ndipo mwaika madesiki 200 pa K900 imodzi. Zonse ni K180,000. VAT ya 16 pelesenti ni K28,800. Mukalemba "including" pamene munafuna "excluding", VAT idzacoka m'thumba mwanu. Mwawina tenda, inde, koma phindu lapita. Cinanso, mapepala ambili a tenda amanena kuti mtengo wolembedwa m'manambala ukasiyana ndi wolembedwa m'mau, a komiti atsatila wa m'mau. "Fifteen" ndi "fifty" amveka ngati mapasa pakamwa, koma pa cheke ni anthu osadziwana.

Ambili athamangila ku ma intaneti kafe kuti awataipile. Palibe colakwa, koma wotaipa nthawi zina angotenga tenda yakale ya munthu wina n'kusintha dzina la kampani. Pa tsamba lacitatu mupeza dzina la kanselo ya kwina likali pomwepo. Wowelenga adzaganiza ciani? Kuti munthu amene sanawelenge pepala lake lomwe, sadzayeza bwino simenti.

Ndidziwa zimene ena munena: "Matenda awa ali ndi eni ake, galamala ni cifukwa cabe." Madandaulo a kukondela si acilendo m'dziko muno, ndipo sindiwatsutsa. Koma ngati pali wofuna kukukankhilani kunja, cilembo colakwika cimamupatsa cifukwa coyela. Ndi pepala lolongosoka mungathe kudandaula ndi mutu wokweza.

A kanselo naonso ali ndi mbali yao. Anthu a ku Chongwe amakamba Cisoli ndi Cinyanja. Ngati colinga ca CDF ni cakuti nchito zipite kwa anthu a komweko, zofunika pa tenda zifotokozedwe m'zinenelo zimenezi pa misonkhano ya m'mawadi, ngakhale mapepala akhale m'Cizungu.

Kwa inu anzanga, mapepala a PACRA, ZRA, NAPSA ndi NCC kwa omanga akakwana, musathamangile kupeleka. Lembani ziganizo zifupizifupi. Pezani mphunzitsi wa pafupi kapena mwana wanu wa ku koleji awelenge mokweza, ndiyeno akuuzeni m'Cinyanja zimene wamva. Zikasiyana ndi zimene munafuna kunena, konzani tsiku lotseka lisanafike.