Kodi Tizidikira Kuti Afe Kaye?

Abale anga owerenga, lero ndikufuna ndikangane nanu, makamaka inu aphunzitsi anzanga ndi nonse amene muli m'makomiti a welofeya m'malo a ntchito. Tatsegulani malamulo a komiti yanu muwerenge. Mupezamo kuti membala akamwalira tipereka zakuti, akataya mkazi kapena mwamuna wake zakuti, mwana zakuti, kholo zakuti. Ena analembamo ngakhale za nkhata ya maluwa ndi galimoto yonyamula operekeza. Tsopano fufuzani ndime yonena za membala amene wagwidwa sitiroko ali ndi zaka 43, sanafe, koma dzanja ndi mwendo zaleka kugwira ntchito ndipo lilime lalemera. Mukaipeza mundiuze.

Pa maliro Amalawi sitinyozeka ayi. Uthenga ukangomveka, ufa, nkhuni ndi chipepeso zimasonkhana tsiku lomwelo, ndipo ngakhale amene analibe ya sopo dzulo amapeza kangachepe. Mwambo umenewu ndi wabwino, sindikuunyoza. Chondiwawa n'chakuti maliro amatha pa masiku atatu, pamene kulumala kwa sitiroko kumatha zaka, ndipo ife mtima wathu wothandiza tinauyeza pa muyeso wa masiku atatuwo.

Ena mumati sitiroko ndi matenda a nkhalamba kapena a mabwana onenepa. Bodza. Kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto lothamanga magazi, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Kafukufuku wina wochitikira ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anasindikizidwa mu 2016, anasonyeza kuti pakati pa odwala sitiroko achicheperepo, HIV ndi imene inali chiopsezo chachikulu. Amenewa ndi anthu a msinkhu wathu, olipira lendi, olipirira ana fizi, otumiza ndalama ya feteleza kumudzi. Akagwa mmodzi, agwetsa anthu khumi.

Mnzanga wina amene tinkaphunzitsa limodzi anasiya ntchito ya m'boma n'kupita ku sukulu ina ya pulaiveti. Sinditchula dzina lake kapena la sukuluyo. Anagwa m'bafa m'mawa wina akukonzekera kupita ku ntchito. Sabata yoyamba kuchipatala kunali ngati ku msika: mabasiketi a zakudya, makwaya, mapemphero, mndandanda wa zopereka pa WhatsApp ukukwera ola lililonse. Atatuluka m'chipatala anthu tinati "Mulungu ndi wabwino, wachira." Anachira chiyani? Munthu sankatha kudzikweza pa mphasa. Akazi ake anasiya geni yawo ya kaunjika kuti azimusambitsa ndi kumudyetsa, choncho nyumba imene inali ndi mipopi iwiri ya ndalama inauma yonse nthawi imodzi. Pofika mwezi wachinayi mndandanda uja unali utakwiririka pansi pa mauthenga a mpira ndi ndale. Anayamba kugulitsa filiji, kenako poloti.

Mwina mukuti malamulo a dziko alipo omuteteza. Tiyeni tiwaone. Lamulo la Employment Act la mu 2000 limati wantchito amene wagwira miyezi 12 ali ndi ufulu wa tchuthi chodwala cha masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro pa chaka. Onse pamodzi ndi masabata 12. Wodwala sitiroko pa sabata ya 12 amakhala akuphunzira kumene kugwira supuni. Lamulo la chipukuta misozi cha antchito, Workers' Compensation Act, nalonso la mu 2000, limathandiza amene wavulala chifukwa cha ntchito kapena ali pa ntchito. Wogwa m'bafa kwawo ndi wakewake.

Nanga penshoni? Kuyambira mu 2011 lamulo limakakamiza bwana kusonkha 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti ya malipiro, ndipo amene dokotala watsimikiza kuti sangagwirenso ntchito angathe kutenga ndalama zake msanga. Koma amatenga zimene zasonkhana basi, ndipo munthu wa zaka 40 sanasonkhe zambiri. Izi zili choncho ngati bwanayo ankatumizadi ndalamazo, pakuti banki yaikulu ya Reserve yakhala ikudandaula chaka ndi chaka za mabwana amene amadula penshoni pa malipiro koma osaipereka. Chinanso, lamulo la penshoni lomwelo linabwera ndi inshulansi ya moyo imene bwana ayenera kudulira wantchito, yolipira banja wantchitoyo akamwalira. Mukuona? Ngakhale lamulo lili ngati komiti yathu ya welofeya, limatsegula chikwama likamva kulira kwa pa siwa. Ndipo zonse ndanenazi n'za olembedwa ntchito. Kafukufuku wa antchito wa mu 2013 anapeza kuti anthu 89 mwa 100 ogwira ntchito m'dziko muno ali pa ntchito zosalembetsa. Wakabaza, telala, mayi wa mandasi, iwo alibe ngakhale masabata 12 aja.

Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, ndi ndondomeko yabwino, koma inakonzedwera mabanja osaukitsitsa amene alibe wogwira ntchito. Banja la mphunzitsi lokhala m'nyumba ya malata silingalowe m'kaundulamo msanga. Liyenera lisauke kaye mpaka pansi. Lamulo la anthu olumala la mu 2012 linalonjeza thumba lapadera, Disability Trust Fund, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo latsopano limene linasintha MACOHA kukhala MACODA. Maina asintha. Ine ndikufunsa inu owerenga: kumene mukukhalako, ndani wofa ziwalo amene munamuona atalandira thandizo la mwezi ndi mwezi kuchokera ku thumba limeneli?

Apa ndi pamene amalowera achifundo a kamera. Amabwera ndi thumba la ufa, sopo ndi njinga ya olumala, amaika dzanja pa phewa la wodwala, chithunzi chijambulidwa, ulendo. Njingayo nthawi zambiri sinayezedwe pa thupi lake ndipo singayende m'tinjira ta maenje ta kwathu kuno. Palinso ena oipitsitsa, amene amanunkhiza banja losweka mtima ngati afisi: uyu akuti wina wa ku ntchito anamuponda, uyu akugulitsa madzi ndi mafuta odzozedwa. Ndalama imene ikanalipira ulendo wa ku mafizo imathera kumeneko, pamene miyezi yoyambirira ndi imene thupi limabwerera kwambiri ngati munthu akuchita mafizo mosadumphitsa. Miyezi imeneyo ikadutsa siibweranso.

Thandizo lenileni si lokongola pa chithunzi. Ndi ndalama ya galimoto yopita kuchipatala sabata iliyonse, poti munthu wofa mbali imodzi sangapanikizane mu minibasi. Ndi mankhwala a BP tsiku limene kuchipatala kulibe ndipo akuti mukagule. Ndi fizi ya mwana wa Fomu 3 kuti asakhale iye namwino. Malo ngati Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre amagwira ntchito yotamandika, koma mabedi ake ndi ochepa ndipo dziko ndi lalitali. Wa ku Chitipa kapena ku Nsanje afikako bwanji, nanga womudikirira adya chiyani?

Ndikudziwa yankho lanu: malipiro athu ndi ochepa, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, tokha tikumira mu katapila. Zoona. Koma tiwerengere limodzi. Sukulu ya antchito 40, aliyense akamaika K5,000 pa mwezi, ndi K200,000 pa mwezi, K2,400,000 pa chaka. K5,000 imeneyo ambiri a ife timaithera pa mabando a intaneti osamva kuwawa. Ndimeyo ilembedwe momveka: membala amene dokotala watsimikiza kuti walumala ndi matenda adzidzidzi azilandira ndalama yakuti mwezi uliwonse kwa miyezi 12, popanda akazi ake kapena amuna ake kubwera kudzagwada mu ofesi ya ahedi. Ikhale ngongole yathu kwa iye, monga momwe bokosi limakhalira ngongole yathu. A TUM ndi ma SACCO athu, amene amadula kale ndalama pa malipiro athu mwezi ndi mwezi, angathe kuchita zomwezi pa dziko lonse mosavuta kuposa ife.

Kwa eni masukulu ndi ahedi ndili ndi funso limodzi. Mphunzitsi wa masamu amene dzanja lamanzere lafa koma mutu ndi pakamwa zili bwino, walephera chiyani? Mupatseni kalasi yapafupi yopanda masitepe, mpando, ndi mapiriyodi ochepa poyamba. Mnzanga uja lero amaphunzitsa ana anayi a oyandikana nawo pakhonde, ndipo makolo awo amamulipira ndi ufa.

Pa msonkhano wathu wa welofeya wa teremu ino ndapempha kale alembi kuti aike nkhani ziwiri pa ajenda: ndime ya olumala, ndi kugula makina oyezera BP oti azikhala mu sitafu rumu.