Mapointi 11 si GPA ya 1.8

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, pali nkhani yomwe yandisowetsa mtendere kuyambira tchuthi chapitachi, ndiye ndati ndiitule pano.

Loweruka lina masana kunyumba kwanga kunabwera mtsikana yemwe ndinamuphunzitsa kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Dzina sinditchula, akawerenga adzidziwa yekha. Mwanayu anakhoza MSCE ndi mapointi 11: ma 1 awiri, ma 2 atatu ndi 3 mmodzi. Pa sukulu ngati yathu, pomwe buku limodzi amawerenga ana asanu, mapointi 11 ndi nkhani yomveka mpaka kumsika. Anabwera kudzapempha kalata yomuchitira umboni ku makoleji a ku America. Ndisanavomere ndinati ndione kaye zomwe walemba pa fomu. Pamalo polemba GPA anali ataikapo 1.8.

Ndinamufunsa kuti, "Iwe, 1.8 ameneyu wamutenga kuti?"

Iye anati, "Aphunzitsi, ndaphatikiza magiredi anga onse asanu ndi limodzi, n'kugawa ndi 6."

Masamu ake analibe vuto, 11 kugawa ndi 6 ndi 1.8 ndithu. Koma ku America GPA imakwera kupita pa 4.0, ndipo 4.0 ndiye pamwamba. A ndi 4, B ndi 3, C ndi 2, D ndi 1. Munthu wa 1.8 ndiye kuti sakufika ngakhale pa C. Mwana wathu wa nambala wani anali atadzilemba yekha, ndi dzanja lake, kuti ndi mmodzi mwa ofooka m'kalasi. Akanatumiza fomuyo, sindikhulupirira kuti wina akanafika n'komwe pa nkhani yokoma yomwe anailemba ya agogo ake ndi dimba la tomato.

Ife tinazolowera kuti nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Ku MANEB 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, 9 ndiye walephera. Wa mapointi 6 ndiye katswiri wa dziko lonse. Tinakula nazo mpaka timaiwala kuti ndi mgwirizano wathu chabe. Anzathu a ku Zambia amawerenga chimodzimodzi, a ku Nigeria ndi Ghana nawonso amayambira pa A1 kutsika mpaka F9. Koma ku England, kuyambira 2017 mayeso a GCSE anayamba kupereka magiredi a 9 mpaka 1, ndipo 9 ndiye wapamwamba, 1 ndiye wapansi. Manambala omwewo, koma atatembenuzidwa mutu pansi. Tangoganizani kalaliki wa ku Leeds wotopa, wawerenga mafomu mazana tsiku limenelo, akuona satifiketi yodzaza ndi ma 1 ndi ma 2 popanda womuuza tanthauzo lake.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Mwana asasinthe yekha magiredi ake kuwaika m'muyezo wa dziko lina. Mphunzitsinso asamusinthire. Giredi ilembedwe monga MANEB inaiperekera, ndipo pambali pake pakhale kufotokoza kwa sukulu, kodindidwa ndi kusainidwa, kuti 1 amatanthauza chiyani, 9 amatanthauza chiyani. Ntchito yathu ndi yomasulira, kutembenuza manambala tiwasiyire eni ake. Fomu ya Common App, yomwe makoleji oposa 1,000 amagwiritsa ntchito, sikakamiza kulemba GPA ngati sukulu yako siwerengera GPA. Makoleji ambiri ali ndi anthu awo odziwa mayeso a mayiko ena. Ena amakutumiza ku mabungwe ngati WES, omwe amaunika satifiketi n'kupereka GPA yovomerezeka, koma amalipiritsa m'madola, ndiye musathamangireko koleji isananene kuti ikufuna zimenezo. Timakina towerengera GPA tomwe tili pa intaneti ndimatiopa kwambiri. Tambiri sitidziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli MSCE.

Palinso vuto lina lomwe ndi lathu aphunzitsi, ndipo pano ndidziloza chala ndekha. Ndife ouma manja pochonga. Ine mwana akapeza 68 pa 100 m'phunziro langa ndimamuyamika pamaso pa kalasi yonse. Ku sukulu zambiri za ku America 90 kupita m'mwamba ndiye A, ndipo 68 ndi D. Makoleji a kumeneko safuna zotsatira za MSCE zokha, amafunanso transcript ya zaka zinayi, zomwe kwa ife ndi Fomu 1 mpaka Fomu 4. Ndiye pepala lodzaza ndi ma 64, ma 71, ma 68 likafika popanda mawu ena, likuoneka ngati la mwana wongokhalira kukankhidwa. Mankhwala ake si kuwonjezera malikisi. Mankhwala ake ndi chiganizo chimodzi choona: kuti m'kalasi la ana 94, mwanayu anali woyamba materemu akutiakuti, ndipo malikisi apamwamba kwambiri omwe anaperekedwa m'phunzirolo chaka chimenecho anali 74. Chiganizo chimenecho chimalemera kuposa GPA yopeka iliyonse.

Ndanena dala za kuwonjezera malikisi chifukwa ndikudziwa kuti zimachitika. Kholo limabwera, mwina ndi nkhuku kumanja, n'kunena kuti aphunzitsi tangokonzaniko pang'ono kuti mwana apite. Mtima umafewa, makamaka ngati mwanayo ndi wako wa pamtima. Koma pepala lonena kuti mwana ankapeza 95 teremu iliyonse, pambali pa satifiketi ya MANEB yonena kuti anapeza 5 m'phunziro lomwelo, likudzitsutsa lokha. Koleji ikazindikira bodza imatha kulanda malo ngakhale mwana atayamba kale kuphunzira. Choipitsitsa n'chakuti dzina la sukulu limadetsedwa, ndipo wolipira ndi mng'ono wake amene adzafunsire malo zaka zitatu zikubwerazo ali ndi malikisi ake enieni.

Kalata yochitira umboni nayonso tinaiphunzira molakwika. Kwa zaka zambiri ine ndakhala ndikulemba mizere itatu yomweyomweyo: mwanayu ndi wakhalidwe labwino, womvera ndi wolimbikira, thandizo lililonse lomwe mungamupatse tidzayamika. Ndinkangosintha dzina. Kalata yotere ndi yabwino pofunsira ntchito ya mu shopu, koma kwa munthu amene akusankha pakati pa ana masauzande sinena kanthu. Ndiponso mawu oti womvera, omwe kwa ife ndi chiyamiko chachikulu, kwa iwo akhoza kumveka ngati mwana wopanda maganizo akeake. Iwo amafuna kumva zomwe unaona ndi maso ako. Za mtsikanayu ndinalemba za tsiku lomwe anandiimitsa pa bolodi n'kundionetsa, mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo, kuti ndalakwitsa, komanso za momwe ankasonkhanitsira anzake a Fomu 2 pansi pa mtengo kuwabwerezera phunziro pomwe mphunzitsi wawo anali kuchipatala. Zinanditengera madzulo awiri. Sindinazolowere kutamanda mwana pa pepala, ndinkachita ngati manyazi.

Kwa inu ana anga amene mukuyang'ana ku Britain, ndikuuzeni zoona ngakhale zili zowawa. Kumeneko MSCE amaiyerekeza ndi GCSE, mayeso omwe ana awo amalemba ali ndi zaka 16, zaka ziwiri asanalembe A-level. Choncho ngakhale mutakhala ndi mapointi 6, mayunivesite ambiri sakulowetsani chaka choyamba cha digiri mwachindunji. Adzafuna A-level, kapena IB, kapena chaka chokonzekera chomwe amachitcha foundation, ndipo chakacho n'cholipira. N'chifukwa chake ana a ku Kamuzu Academy ndi sukulu zina zolemba mayeso a Cambridge amadutsa mosavuta pomwe athu amaima pakhomo. Si nzeru zomwe zasiyana, ndi pepala. Bungwe loyerekeza masatifiketi kumeneko linkatchedwa UK NARIC, kuyambira 2021 ndi UK ENIC. Mafomu amadutsa ku UCAS, komwe umasankha maphunziro osaposa asanu, ndipo ofuna Oxford, Cambridge kapena udokotala tsiku lawo lomaliza ndi 15 Okutobala, ena ambiri ndi mu Januwale. Ku South Africa nakonso musangonyamuka ndi satifiketi m'thumba. Wa mayeso akunja amayenera kupeza chilolezo cha Matriculation Board ya Universities South Africa asanayambe digiri, ndipo yambani mwafunsa ngati MSCE payokha ikukwanira pa maphunziro omwe mukufunawo. Safunsa anadya phula.

Tinthu ting'onoting'ono ndi tomwe timagwetsanso anthu. Dzina la pa satifiketi ya MANEB lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika ndi la pa pasipoti, chilembo ndi chilembo. Ife m'kaundula timayamba ndi dzina la bambo, ndiye ana ambiri amasokoneza malo awiriwa pa fomu. Aamerika polemba deti amayamba ndi mwezi, moti 03/04 kwa iwo ndi 4 Malichi osati 3 Epulo. Ndipo musadabwe akakufunsani mayeso a Chingerezi ngati IELTS, TOEFL kapena Duolingo ngakhale mwaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale. Makoleji ena amalandira kalata ya sukulu yotsimikiza zimenezi m'malo mwa mayesowo. Funsani musanalipire, chifukwa kuyambira pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola iliyonse imapweteka. Ku Common App kuli mwayi wopempha kuti akuchotsereni ndalama ya fomu, ndipo wotsimikiza kuti mwana ndi wosowadi ndi ife a kusukulu. Za viza nazonso fufuzani msanga. Mu Disembala 2025 boma la America linaika Malawi pa mndandanda wa mayiko omwe nzika zawo zinaikiridwa malire pa maviza, a ophunzira omwe, ndiye ndi nzeru kudziwa momwe zinthu zilili musanataye ndalama, komanso kusaika mtima pa dziko limodzi. Mtsikana wanga ndinamuuza kuti ayang'anenso Ashesi ku Ghana ndi mayunivesite ena omwe ali mu ndondomeko ya Mastercard Foundation, ndipo fomu ya NCHE ya mayunivesite a boma kuno kwathu asaisiye.

Mnzanga wina mu staff room anandifunsa kuti bwanji ndikudzivutitsa. Akuti tili ndi ana pafupifupi 100 m'kalasi, malipiro ake omwewa, ndiye tiziwonjezera ntchito yosalipidwa chifukwa cha mwana mmodzi pa chaka, amenenso akapita sabwerera? Mfundo yake si yopusa, ndipo za kusabwerera zimandikhudza inenso. Koma sindikuona kuti ndi udindo wanga kusunga mwana m'dziko muno pomulembera kalata yofooka. Ngati atsale, atsale atasankha yekha, osati chifukwa aphunzitsi ake anachita ulesi kufotokoza kuti 1 ndi wamkulu kuposa 9. Ndiponso ntchitoyi si yaikulu monga tikuiopera. Tsamba limodzi lofotokoza sukulu, kuti ndi ya mtundu wanji, ili ndi ana angati, timachonga bwanji, magiredi a MANEB amayenda bwanji, ndi angati anakhoza chaka chatha, limalembedwa kamodzi n'kumangokonzedwa manambala chaka ndi chaka. Ine wa dipuloma chabe ndinalilemba masana amodzi, a hedi n'kudinda.

Chomwe chandigonjetsa ndi transcript. Titapita kukafufuza malikisi a mtsikanayu tinapeza a Fomu 1, Fomu 3 ndi Fomu 4. Buku la Fomu 2 linali pansi pa katoni m'chipinda chosungira katundu, theka lake litadyedwa ndi chiswe, ndipo masamba a teremu yachiwiri ndi yachitatu kulibe. Malipoti omwe ankapita nawo kunyumba ananyowa denga litasasuka. Wina anati tingoyerekeza manambala, ndani angadziwe. Ndakana. Ngati sapezeka tilemba kuti zolemba za materemu awiriwo zinawonongeka, basi.

Koma ndisanafike pamenepo ndikupempha. Amene munaphunzitsa Fomu 2 chaka chimenecho n'kusamutsidwa, mukudzidziwa, taonani m'makatoni mwanu ngati timabuku tanu ta malikisi tikadalipo. Ngakhale chithunzi cha pa foni chikwanira, bola manambala aziwerengeka. Tikufunika kutumiza zonse 1 Januwale isanakwane.