Chimwemwe cha m'botolo tichenjere nacho

Achinyamata anzathu, pa WhatsApp ndi m'misika akutsatsa mapiritsi akuti amachotsa nkhawa, amasangalatsa mtima ndi kunola ubongo. Ife tikuti tisathamangire.

Titenge St John's wort, chitsamba chomwe ena amamwa akakhumudwa. Chimachititsa chiwindi kuchotsa msanga mankhwala ena m'thupi, kuphatikizapo dolutegravir amene ali m'ma ARV omwe ambiri akumwa m'Malawi muno chiyambire 2019. Mankhwala akachepa m'magazi, kachirombo kamachulukana ndipo kangayambe kusamva mankhwalawo. Mapiritsi olerera nawonso amafooka. Wogulitsa sangakuuzeni zimenezi, iye diso lili pa ndalama.

Mtima ukalemera masabata awiri, tulo osabwera, nsima osalowa, tikafotokozere adokotala kapena alangizi. Botolo lomwe tagula kale tipite nalo akalione.