KULEKA THANDIZO LA ZIDA NKHONDO ISANATHE: ZIMENE ZINAONEKA KU AFGHANISTAN

Pamene dziko lalikuru lifuna kuleka kuthandiza Boma la dziko lina nkhondo iri m'kati, anthu ambiri amaopa tsiku limene asilikari acilendo adzacoka. Koma mbiri ya Afghanistan isonyeza kuti tsiku loopsa kopambana ndilo limene ndalama, mafuta ndi cakudya zileka kufika.

Asilikari a Soviet Union analowa m'dzikolo mu December 1979 kukacirikiza Boma la ku Kabul, limene linali kumenyana ndi magulu a Mujahideen. Potsata cipangano ca ku Geneva ca 1988, otsiriza mwa iwo anaturuka pa 15 February 1989. Ambiri anayesa kuti Boma la Dr. Najibullah lidzagwa m'miyezi yowerengeka, koma sizinatero ai. Mu March caka comweco a Mujahideen anathira nkhondo mzinda wa Jalalabad, nalephera kuulanda, pakuti zida, mafuta ndi tirigu zinali kufikabe kucokera ku Moscow.

Mu September 1991 America ndi Soviet Union anapangana kuti onse awiri aleke kutumiza zida kuyambira pa 1 January 1992. Pocimva, cipanganoci cinali ngati colungama, koma cinaperewera pawiri. Poyamba, sicinamange Pakistan ndi Saudi Arabia, maiko amenenso anali kuthandiza a Mujahideen. Caciwiri, magulu omenyanawo anali asanamvane za amene adzalamulira dziko mfuti zikadzaleka kulira. Tsono Soviet Union itapasuka mu December 1991, mafuta anasowa ku Kabul, ndipo ndege zambiri za nkhondo zinangokhala pansi.

Mphamvu ya Dr. Najibullah kumpoto inali m'manja mwa magulu a asilikari amene anali kumumvera cifukwa ca malipiro. Ndalama zitacepa, kumvera kunacepanso. Mu March 1992 mkuru wa nkhondo Abdul Rashid Dostum anapanduka, nagwirizana ndi Ahmad Shah Massoud, ndipo mzinda wa Mazar-i-Sharif unatayika. Pa 18 March Dr. Najibullah analengeza kuti adzatula pansi udindo kuti bungwe la United Nations likonze Boma loyembekezera. Koma mau amenewa anangofulumiza ena kumthawa, pakuti palibe msilikari amene afera mtsogoleri woti ali kucoka. Mu April anayesa kuturuka m'dziko, natsekerezedwa pa bwalo la ndege, ndipo anabisala m'nyumba ya United Nations.

Mtendere sunabwere. Zida zimene maiko akuru anaunjika m'dzikomo pa zaka zoposa khumi zinatsala m'manja mwa magulu odana, ndipo iwo anatembenukirana polimbirana Kabul. Mizinga ya Gulbuddin Hekmatyar ndi ya adani ace inagumula mbali zazikuru za mzindawo, ndipo anthu wamba zikwi-zikwi anafa kapena kuthawa. Mu September 1996 a Taliban analanda Kabul, namupha Dr. Najibullah.

Dziko lopereka thandizo liri ndi ufulu wa kuleka, pakuti cuma cimene liononga ndi ca anthu ace okhoma msonkho. Koma likaleka osayamba lamanga onse otumiza zida m'cipangano cimodzi, ndiponso osakonza amene adzalipira asilikari ndi kusunga mizinda, nkhondo siitha. Ingosanduka ya abale okha-okha, ndipo amene abvutika ndi anthu a m'midzi amene sanafunsidwe pa tsiku lopangana.