Dziwe la m'phiri silifunsa pasipoti

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno kwa Mwadzama, ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Mchenga umaotcha mapazi, ndipo usiku anthu amatulutsa mphasa kukagona pabwalo, udzudzu nkuchita nawo phwando. Ndikudziwa kuti inunso a ku Tsoka, ku Limbe, ku Ndirande ndi ku Mchesi simuli pabwino, poti mumakhala pa benchi kuyambira m'bandakucha, thukuta lili kamukamu, kudikira kasitomala woti angofunsa mtengo nkumapita.

Mlamu wanga wina wa kaunjika ku Lilongwe amakonda kundinena kuti ife akunyanja tili pa ulemerero, ati kukatentha timangodziponya m'madzi. Alamu, mukadadziwa! Nyanjayi ndi munda wathu, si bafa. M'malo a bango ndi udzu, momwe madzi amangokhala ofunda osayenda, ndimo mumaswana nkhono za likodzo. Wodwala akakodzera m'madzi, mazira a tizilombo amaswa, tizilomboto nkulowa m'nkhono, kenaka nkutuluka kudzaboola khungu la aliyense wosamba kapena wochapa. Nchifukwa chake kuno mwana wa sukulu kukodza magazi ena amakuona ngati chizindikiro cha kukula, pomwe ndi matenda ofunika mapiritsi a kuchipatala. Onjezanipo ng'ona ndi mvuu za ku Chia, komanso kolera ya 2022 ndi 2023 yomwe idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, madera a m'mbali mwa nyanja osasiyidwa. Mwaona kuti ulemerero wake ndi wotani?

Madzi enieni osamba munthu nkumva kuti wasamba ali kumtunda, akuluakulu. Mukaima pa Benga nkuyang'ana kuzambwe, kupitirira kwa Mwansambo, mumaona mapiri a ku Ntchisi ali bii. Kumeneko ndi komwe kumachokera mitsinje ngati Lifuliza ndi Likowa yomwe imathira m'thamanda la Chia. Kunoko imafika itatopa, yofiira, yodzaza matope. Koma kaitsateni kumutu kwake mukaione isadaipe.

Ine ndidakwerako ndi anzanga awiri, mnyamata wa komweko akutitsogolera. Kanjira kake nkopapatiza, kokwera, mizu ili pingepinge, ndipo munthu wozolowera mchenga ngati ine maondo adayamba kudandaula tisadafike patali. Koma mukangolowa pansi pa mitengo ikuluikulu ija, dziko limasintha. Dzuwa limangolowa mwa apo ndi apo, mphepo ya yaziyazi, anyani ndi apusi akukuyang'anani ngati mwabwera kudzatolera msonkho. Madzi mumayamba kuwamva musadawaone. Kenaka mwadzidzidzi khwawa lija, thanthwe lakuda, timathithi tikugwera m'kadziwe koti timiyala ta pansi mutha kutiwerenga. Kadziwe kake sikadali kakakulu, madzi olekeza m'chifuwa basi, koma nditangoti chubwi mpweya udathawa, mano nkuyamba kuombana masana a Okutobala. Aise, kuzizira kotero sikupezeka m'firiji ya golosale iliyonse. Ndipo madzi ozizira, othamanga pa miyala chonchi, nkhono za likodzo siziwakonda.

Nkhalango ya Ntchisi boma lidaiika m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1924, ndipo akuluakulu amasimba kuti makolo ankathawiramo nthawi ya nkhondo za Angoni. M'mbali mwake muli nyumba ya atsamunda yomangidwa mu 1914, yomwe idasanduka malo ogona alendo. Taonani, zaka zoposa 100 zapitazo mzungu adadziwa kale kothawira kutentha kwa ku Kota Kota. Ife eni dziko mpaka lero tikuti kukwera phiri popanda chokatenga ndi misala ya azungu. Munthu akakuona ukukwera wopanda nkhwangwa amakufunsa kuti, "Kodi achimwene mwataya chiyani kumeneko?"

Pamenepa ndi pomwe ndikufuna tikanganepo. Mtsikana wochokera ku Germany amasunga ndalama chaka chathunthu, kukwera ndege usiku wonse, kuti adzasambe pa dziwe lomwe inu a ku Limbe mungafikeko ndi minibasi m'mawa nkubwerako madzulo. Ndikunena Dziwe la Nkhalamba, ku Mulanje, pa mtsinje wa Likhubula. Mukatsika pa Chitakale mumalowera msewu wa ku Phalombe mpaka pa Likhubula, pomwe pali ofesi ya za nkhalango ndi anyamata olondolera alendo. Kuchoka apo ndi ulendo wa pansi wa pafupifupi ola limodzi, kutengera ndi kukula kwa mimba yanu. Uko ndiye kudziwe, osati kanga ka ku Ntchisi kaja. Madzi amatsika pa thanthwe ndi mkokomo nkugwera m'chidziwe chakuya, chozunguliridwa ndi miyala ikuluikulu yoti mukhalepo nkumaothera dzuwa ngati gulo. Eni dera amasimba kuti pamalopo pankaoneka nkhalamba, ndipo makolo ankathirapo nsembe. Kaya mumakhulupirira kaya ayi, ameneyo ndi malo olemekezeka, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse. Simukuuzidwa kuti mukakwere Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 ija. Padziwe pokha pakwana.

A ku Zomba ndiye mulibe chonamizira. Phiri lili pamwamba pa msika wanu. Mukakwera ku Chawe nkutsata mtsinje wa Mulunguzi mumafika pa mathithi a Williams, komwe ana a sukulu amakajambulitsa zithunzi. Koma dziwani kuti damu la Mulunguzi ndiye mtsuko wa mzinda wonse, si posambira.

Mwina mukuti nanga iwe bwanji osangopita ku Bua, pafupi pomwepa? Iyayi, mayi. Mtsinje wa Bua umadutsa m'nkhalango ya zinyama ya Nkhotakota, yomwe kuyambira 2015 akuyendetsa ndi a African Parks, ndipo mu 2016 ndi 2017 adabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. M'menemo simulowa mwa inu nokha ngati kudimba. Mumalipira pa geti, mumayenda ndi msilikali wa nkhalango, ndipo maiwe a Bua, okongola momwe aliri, ali ndi eni ake a mano. Kumeneko nkokaona ndi maso, zovala zili m'thupi.

Tsono dziwe la m'phiri nalo lili ndi malamulo ake, ndipo silimva za apilo. Pa Dziwe la Nkhalamba pomwepo anthu adamirapo, ena a iwo odziwa kusambira. Madzi ozizira kwambiri amagwira minofu ya miyendo mwadzidzidzi, ndipo pansi penipeni pa mathithi madzi amazungulira nkumakukokerani pansi, thovu lija silinyamula munthu. Musalumphe chamutu pamalo pomwe simudayeze, chifukwa mwala womwe kudalibe chaka chatha mvula itha kukhala kuti idaugubuduzirapo. Miyala ya ndere imaterera kuposa sopo. Za mowa ndiye ndisachite kunena. Botolo likudikireni kunsi, mukamwe pobwerera. Ngati simudziwa kusambira khalani m'mphepete, mudzithire madzi ndi manja, palibe adzakulembeni m'nyuzi kuti ndinu wamantha.

Choopsa kwambiri ndi mvula yomwe simukuiona. Pamwamba pa phiri itha kugwa yamphamvu inu kunsi dzuwa likuswa mtengo, ndipo madzi onse aja amasonkhana m'khwawa limodzi nkutsika ngati khoma. Mukaona madzi ayamba kuda, masamba ndi tizitsotso tikubwera, kapena mwamva mkokomo ngati lole ikutsika, tulukani nthawi yomweyo mukwere kumtunda, nsapato zisiyeni. A ku Phalombe akukumbukira napolo wa mu Malichi 1991, ndipo tonse tidaona zomwe namondwe wa Freddy adachita mu Malichi 2023 ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chilobwe. Nyengo yabwino yopita ndi kuyambira Meyi mpaka mvula isadayambe. Mu Juni ndi Julayi mudzazizidwa zenizeni, ndiye kwa ine Seputembala ndi Okutobala ndiye mwezi wake.

Palinso ulemu. Kumunsi kwa dziwe lomwe mukusambalo kuli mudzi womwe ukumwa madzi omwewo, choncho sopo, matewera ndi zina zija zochitira patchire zikhale kutali ndi mtsinje. Mukamayandikira pamadzi pafupi ndi mudzi muyambe mwaodira nkufunsa ngati mungadutse, poti mwina amayi akusamba. Ndipo wolondolera njira mumulipire bwinobwino. Inu amene mumakwiya kasitomala akakunenererani mtengo mpaka mpamba kutha, musakachite zomwezo kwa mwana wa eni ake yemwe wakunyamulirani chikwama phiri lonse.

Koma chomwe ndikukutumirani kumeneko si kusamba kokha. Tsiku lomwe tidakwera ku Ntchisi lija, tisadalowe m'nkhalango, tidadutsa zitunda zometedwa mpala, zitsa zokhazokha, apa ndi apo utsi wa uvuni wa makala ukufuka. Timakwawa ta kumeneko tidali touma, mchenga wokhawokha. Mtunda pang'ono, pomwe mitengo idakalipo, madzi akuyenda mwezi womwewo, dzuwa lomwelo. Sipafunika digiri ya ku Bunda kuti munthu amvetse. Masamba ndi mizu zimagwira mvula nkumaitulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Mukachotsa mitengo, madzi onse amathamanga tsiku limodzi, kukokolola dothi, ndipo dothi limenelo limathera kwathu kuno, m'Chia, momwe chambo chimaswana. Mpasa nayo, nsomba ya mafuta ija, imachoka m'nyanja kukwera mitsinje ngati Bua kukaikira mazira pa timiyala toyera. Matope akakwirira timiyalato, mazira amafa.

Ndiye inu amayi a nsomba mukamadandaula kuti pa Chia kuoda kwavuta, chambo chikuchepa ndipo chomwe chilipo nchaching'ono, maukonde a udzudzu omwe asodzi ena akukokera ali ndi mlandu wake, inde, koma mbali ina ya mlanduwo ili pa benchi yoyandikana nanu, pomwe pali timapepala ta makala. Sindikutukwana a makala ayi. Anthu oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ineyo ndili m'gulu lomwelo, ndipo magetsi ake ndi awa mukuwadziwa. Lamulo la nkhalango adalikhwimitsa mu 2020, koma amene timamuona akulandidwa ndi bambo wa njinga wa matumba awiri, pomwe malole odzaza mpaka pamwamba amafika m'tauni usiku ali bwinobwino. Amadutsa pati? Kapena amauluka?

Ku Mulanje nkhani yake ndi yomweyo, kungoti mtengo wake ndi wina. Mkungudza wa m'phiri lija, womwe ndi mtengo wa fuko lathu ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse pa dziko lapansi, udadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu, ndipo tsopano akuchita kubzala mbande. Timabokosi tonunkhira tija tidagulitsa, ndalama tidadya, mtengo wake umatenga zaka makumimakumi kuti ukule. Wa geni aliyense amadziwa dzina la munthu wodya mpamba.

Nchifukwa chake ndikuti pitani mukaone nokha. Munthu amene adamizapo mutu m'dziwe la m'phiri, akamva kuti phiri lakuti latha, zimamukhudza mosiyana ndi amene amangomva pa wailesi. Alendo akunja amabwera, kujambula, nkumapita kwawo. Otsala ndi mitsinjeyi ndi ife, ndipo pakadali pano ambiri mwa ife sitidziwa nkomwe komwe madzi a pa mpopi wa mumsika amachokera.

Ndalama? Musandinamize. Gulu lanu la chiperegani kapena banki m'khonde limatha kuchita hayala minibasi kupita ku chinkhoswe ku Dedza, yunifomu ya chitenje nkusoketsa. Lamulungu limodzi pa chaka benchi itha kutsekedwa, kapena mumusiyire mphwanu, tomato sathawa. Nyamukani m'mamawa kuti mukwere kusadatenthe ndipo mutsike kusadade. Tengani nsapato zogwira pansi, osati masilipasi kapena gogoda, madzi akumwa, chinangwa chophika, nthochi, mtedza, chitenje chopukutira, ndi jumbo yoti mubweretseremo zinyalala zanu. Ana muwawerenge pokwera, muwawerengenso potsika. Wina mmodzi asalowe m'madzi, akhale pa mwala nkumayang'anira anzake, ndipo ameneyo akhale msungichuma wa gulu, poti ndi iye ali ndi ndalama ya minibasi yobwerera m'thumba.